Funsani Malume Waya: makina aiwala zonse, bwana akuloza ine chala

Moni nonse a kuno ku Joni, ndi inu akumudzi amene mumawerenga tsambali pa foni. Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani ya PLC, kabokosi kaja kokhala mu panelo kamene kamalamula mamota, mavalavu ndi malamba m'fakitale. Ndasankhapo anayi. Amene munafunsa za sola ndi ma inveta mudikire mwezi wamawa, musandikwiyire.

FUNSO: Malume, ine ndine mnyamata wa ku Mulanje, ndimakhala ku Rosettenville, ndimathandizira ilekitirishani pa fakitale ina yopanga mabotolo apulasitiki ku Wadeville. Pa Khrisimasi tinatseka masabata atatu ndipo anathimitsa meini swichi yonse. Titatsegula mu Januwale makina amodzi akukana kudzuka. PLC yake ndi Siemens S7-300 yakale ija yokhala ndi kiyi, kagetsi ka STOP kamangophethira pang'onopang'ono. Ine pofuna kuthandiza ndinapotokola kiyi uku ndi uku, ndinafikako kamodzi pamene palembedwa MRES. Pano bwana akuti pulogalamu ndafufuta ndine, ndalama yoitanira injiniya adula pa malipiro anga. Koma kagetsi kofiira ka BATF kanayamba kuyaka kalekale, mwina mu Ogasiti, ndinawauza akapitawo anangoti bola makina akuyenda. Ndalakwadi ndine? Tulo sindikupeza. Wodandaula, Rosettenville.

YANKHO: Mphwanga, khala pansi umwe kaye madzi. Mmene wafotokozeramu, pulogalamuyo inali itapita kale iwe usanagwire kiyi, ndipo inapita nthawi imene iwe unali pa basi kapena ukudya mpunga wa Khrisimasi.

Ukukumbukira mmene agogo ankasungira moto usiku? Ankasiya chikuni chachikulu pa moto n'kufotsera phulusa, mmawa kungofukula, kuuzira pang'ono, moto wayaka. Chikuni chikatheratu usiku ndiye mmawa umatenga phale kukapala moto kwa aneba. Ma S7-300 akale aja amasunga pulogalamu mu memori ya mtundu wa RAM, yomwe imakumbukira zinthu pokhapokha ikulandira mphamvu ya magetsi. Magetsi akathima, chimagwira ntchito ya chikuni ndi kabatire ka lithiamu ka 3.6 V kamene kali kutsogolo kwa CPU, ubongo wa PLC, pansi pa kachitseko. Kagetsi ka BATF kaja kamatanthauza kuti chikuni chatha kapena palibe. Ndiye taganiza, batire lafa kuyambira Ogasiti, makina amayendabe chifukwa magetsi analipo, mwinanso jenereta kapena UPS inkawagwira nthawi ya lodishedingi, kenako wina wathimitsa meini swichi masabata atatu. Moto unazima basi.

Umboni wina uli m'kalata yako yomwe. Wati kagetsi ka STOP kamaphethira pang'onopang'ono usanagwire chilichonse. Pa S7-300 kuphethira kotero ndi CPU ikupempha yokha kuti memori isesedwe chifukwa zimene yapezamo sizikumveka. Ikapempha choncho, kupotokola kiyi kamodzi ku MRES, malo osesera memori, kumakwanira, ndiye iwe unangosesa m'nyumba imene akuba anali atalowa kale. PLC yabwinobwino siifufutika mwangozi ngati mmene anthu amaopera. Pamafunika kufikitsa kiyi pa MRES n'kumugwira pomwepo mpaka kagetsi ka STOP kayake kachiwiri, kumusiya, kenako kubwereranso pa MRES masekondi 3 asanathe. Anachita dala kupanga choncho kuti munthu wongoseweretsa kiyi asawononge zinthu.

Tsono injiniya akabwera ndi laputopu yake, upemphe mwaulemu, abwana ali pomwepo, kuti atsegule diagnostic buffer. Ndi kabuku ka mkati mwa CPU kolemba zochitika, ndipo MRES sikafufuta. Kamasiyanitsa kufufuta kochokera pa kiyi, kochokera pa laputopu, ndi kochitika kokha chifukwa PLC yayatsidwa batire lilibe mphamvu. Tsiku ndi nthawi zikhoza kuoneka zachilendo poti wotchi nayonso imadalira batire lomwelo, koma ndondomeko ya zochitikazo idzaonetsa chimene chinayamba.

Izi sizikutanthauza kuti unachita bwino ayi. Kiyi amene sukumudziwa sapotokola, safunsa anadya phula. Pa kiyi ameneyo pali malo anayi. STOP ndi pamene pulogalamu yaima. RUN ndi pamene ikuyenda koma munthu wa laputopu angathe kungoiwerenga, osasintha, ndipo kiyi atha kuzulidwa pamenepo n'kukasungidwa ku ofesi. RUN-P ikuyenda koma khomo lili pululu, wa laputopu atha kusintha pulogalamu makina akuyenda, n'chifukwa chake kiyi sazuka ali pa RUN-P. MRES ndi wosesa uja, ali ndi sipuling'i, ukamusiya amabwerera yekha pa STOP. Mafakitale ambiri amene ndalowamo ku Wadeville, Alrode, Isando ndi Spartan ndimapeza kiyi ali pa RUN-P chaka ndi chaka, fumbi lili mbuu, palibe amene akukumbukira kuti anamusiya ndani.

Funso lenileni loti abwana ako adzifunse ndi lakuti aneba okapalako moto alipo? Ndikutanthauza kope la pulogalamu. Ngati pa CPU pali khadi la memori la mtundu wa flash, ndiye PLC imatha kukoka yokha pulogalamu kuchokera pa khadipo ikasesedwa, koma imakoka mmene inalili tsiku limene inalembedwa pa khadi, zonse zimene anasintha pambuyo pake mu RAM zapita. Ngati khadi palibe, afufuze pulojekiti ya STEP 7, pulogalamu ya pa kompyuta yolembera ma PLC amenewa, kwa amene anagulitsa makinawo, mu kompyuta yakale ya ku wekishopu, kaya pa CD ili m'kathumba ka kuseri kwa chitseko cha panelo, pena mwayi umakhala pamenepo. Zonsezi zikakanika ndiye pulogalamu ilembedwenso kuyambira pachiyambi, ndalama zake si zamasewera, ndipo wolakwa ndi amene anayendetsa fakitale zaka zonsezi opanda kope.

Ine ndinaphunzira movutikira. Chaka china pa fakitale ina ya zakudya cha ku Booysens, sinditchula dzina, ndinasintha batire la PLC nditathimitsa magetsi a panelo, mumtima ndikuti ndikusamala moyo. Nditayatsa, zii. Batire la PLC zoterezi umasintha CPU ili yoyaka, mphwanga, chifukwa ukazula chikuni magetsi atathima memori ilibenso chogwira. Uzingosamala manja poti mu panelo momwemo muli 400 V. Chinandipulumutsa ndi kope limene mzungu wina wachikulire anasiya pa disiki mu diro. Kuyambira pamenepo mabatire ndimasintha chaka chilichonse ndipo ndimalemba tsiku ndi maka pa chitseko. Ndipo dziwa kuti kope lokoka kuchokera mu S7-300 momwemo limabwera lopanda maina a zinthu ndi ndemanga za amene analemba, umangoona manambala okhaokha, limathandiza kudzutsa makina koma kuliwerenga ndi mutu waching'alang'ala. Labwino ndi pulojekiti yeniyeni ya mwini wake.

Ma S7-300 amene anabwera pambuyo pake alibe batire, amagwiritsa kakhadi kotchedwa MMC ndipo pulogalamu imakhala pamenepo ngakhale magetsi atathima miyezi. Koma kakhadiko usadzakalowetse mu laputopu n'kuvomera Windows ikamafunsa zofomata, kamatheratu ntchito, PLC siikazindikiranso.

Za malipirozo. Lamulo la Basic Conditions of Employment Act la 1997, gawo 34, limati bwana sangangodula ndalama chifukwa cha chinthu chowonongeka. Pafunika kuti kulakwa kukhaledi kwako, akupatse mpata wodziyankhira, uvomere polemba, ndipo zodulazo zisapitirire gawo limodzi mwa magawo anayi a malipiro ako. Usasaine pepala lililonse injiniya asanawerenge kabuku kaja. Zikavuta, ku CCMA, bungwe loweruza milandu ya pa ntchito, salipiritsa.

FUNSO: Zikomo Malume. Ndine mayi wa ana awiri, kwathu ndi ku Zomba, ndimayendetsa makina opakira buledi cha ku Aeroton. Mapepala apulasitiki akakodwa mkati, akapitawo amatsegula panelo n'kupotokola kiyi wa PLC kufika pa PROG, amati makina afa lowetsa dzanja uchotse, poti kukathimitsa ku aisoleta, swichi yodula magetsi onse a makinawo, ndi kuika loko kumadya nthawi ndipo oda ikudikira. PLC yake yalembedwa Allen-Bradley. Mtima wanga sumakhazikika. Ndikuopa pachabe? Mayi wa ku Turffontein.

YANKHO: Achemwali, simukuopa pachabe, ndipo chonde dzanja limenelo musalowetsenso. Kiyi wa pa PLC anamuika kuti aziteteza pulogalamu kwa anthu. Sanamuike kuti aziteteza anthu ku makina.

PLC ikakhala pa RUN imazungulira ntchito imodzimodzi kambirimbiri pa sekondi: kuwerenga masensa ndi mabatani, kuyendetsa pulogalamu kuchokera pamwamba kufika pansi, kenako kuuza ma output, potulukira malamulo opita ku mamota ndi mavalavu, kuti uyu yaka uyu zima. Mukaika pa PROG imasiya kuyendetsa pulogalamu, ndipo nthawi zambiri ma output amazima. Mwamva ndati nthawi zambiri. Pa ma Allen-Bradley a mtundu wa ControlLogix, amene anakonza makina atha kusankha kuti output ina ikhalebe mmene inalili PLC ikalowa mu PROG, kapena iyake kumene, ndipo ma Siemens atsopano nawonso ali ndi zosankha zoterezi pa STOP. Inu ndi akapitawo anu simudziwa chimene anasankha. Kupatula apo magetsi a mota akadali pa kontakita, swichi yopatsira mota magetsi, kungoti sinalumikize, ndipo kontakita yokalamba imatha kumatirira. Mpweya ukadali m'mapaipi, silinda ya mpeni wodula pulasitiki ija itha kutsika yokha mukachotsa chimene chinaitchinga. Chosindikizira mapaketi chikadali cha moto.

Ndiye pali nkhani ya malo apakati aja olembedwa REM. Kiyi wa Allen-Bradley ali ndi RUN, REM ndi PROG. Pa RUN palibe wa laputopu angasinthe modi kapena kulowetsa pulogalamu ina. Pa PROG palibe angaiyendetse kuchokera pa kompyuta. Koma pa REM ulamuliro uli kwa aliyense amene walumikiza laputopu pa netiweki, atha kuiika pa Remote Run, Remote Program kapena Remote Test ali mu ofesi ina, mwinanso ali ku Cape Town akumwa khofi. Tsiku lina akapitawo adzapotokola mothamanga kiyi n'kuima pa REM iwo akuyesa ali pa PROG, kapena mnzawo wa shifiti ina adzapeza makina ataima n'kubweza kiyi pa RUN osadziwa kuti kuseri kuli munthu. Kiyi wake ndi wofanana pa ma PLC ambirimbiri, aliyense wa mentenansi ali naye m'thumba. Loko wanu wa pa aisoleta ndiye kiyi wake ali ndi inu nokha, kusiyana kwake ndi kumeneko.

Palinso chimene timati fosi, pamene wa laputopu akakamiza input kapena output kuti ioneke yoyaka kaya yozima posatengera pulogalamu. Amachita poyesa makina, ena amachita pofuna kudumpha sensa yakufa kuti oda ituluke, n'kuiwala kuchotsa. Kuzula chingwe cha laputopu sikuchotsa fosi. Mukaona kagetsi kolembedwa FORCE pa Allen-Bradley kapena FRCE pa S7-300 kakuyaka, dziwani kuti makinawo pali pena akunama.

Kuti muone kuti kiyi wosiyidwa polakwika si nkhani yaing'ono, mu 2017 pa fakitale ina ya mankhwala ochokera ku mafuta ku Saudi Arabia, akuba a pa kompyuta analowetsa pulogalamu yoipa yotchedwa Triton mu makontirola achitetezo a Triconex, amene ntchito yawo ndi kuzimitsa fakitale zinthu zikafika poopsa. Chimodzi chimene chinawatsegulira njira n'chakuti kiyi anasiyidwa pa PROGRAM. Chinawaulula n'chakuti makontirolawo anazindikira kuti china chasokonekera n'kuzimitsa fakitale okha. Nchifukwa chake ine ndimati ntchito ikatha kiyi abwerere pa RUN, azulidwe, akapachikidwe kwa munthu mmodzi wodziwika.

Kuno lamulo la Occupational Health and Safety Act, nambala 85 la 1993, limapereka udindo kwa olemba ntchito woonetsetsa kuti malo antchito ndi makina sizikuika moyo wa wantchito pachiswe, ndipo silinena kuti wantchitoyo akhale wobadwira kuno. Ndikudziwa kuti ife obwera timaopa kuyankhula, timati ndikatsutsa mawa pa geti padzaima wina. Koma pitani kwa sefite repu, woimira antchito pa zachitetezo, wa pa shifiti yanu, mupemphe loko wanuwanu wolembedwa dzina. Njira yake ndi yomweyi: kuthimitsa pa aisoleta, kukhoma loko, kutulutsa mpweya, kudina batani la start kuti muone kuti zafadi, kenako dzanja. Zonsezi sizitenga ngakhale mphindi zitatu. Ana awiri aja akufuna mayi wa zala khumi.

FUNSO: Malume, kauntala ya pa sikirini yowerenga mabokosi imabwerera pa ziro magetsi akangothima, koma makina amayenda bwinobwino akabwera. Batire ndasintha koma palibe chasintha. PLC ndi S7-1200. Mnyamata wa ku Ntcheu, Malvern.

YANKHO: Aise, kaya wasintha batire la chiyani, poti S7-1200 siisunga pulogalamu ndi batire kkkk. Vuto lako ndi laling'ono. Mu PLC muli nkhokwe yosungira pulogalamu imene siiwala, muli lichero logwirirapo ntchito limene limakhuthulidwa magetsi akathima, ndiye muli kagawo kakang'ono kotchedwa retentive komwe manambala osankhidwa amapulumuka. Amene analemba pulogalamu sanachonge Retain pa nambala ya kauntala yakoyo. Wodziwa TIA Portal, pulogalamu ya pa laputopu yolembera PLC imeneyi, akonza msanga, koma muuze ayambe walemba pambali manambala onse a maseting'i, chifukwa kusintha kotere kumatha kubweza data block yonse, kagawo kosungiramo manambalawo, pa manambala oyambira.

FUNSO: Bambo Waya, ndili ndi kabizinesi koumba njerwa za simenti cha ku Diepsloot. Ndinagula makina akale, ndinalemba ganyu mnyamata wina kuti aikemo PLC yatsopano, Siemens S7-1200. Anaika pasiwedi, tinasemphana pa ndalama yotsala, pano foni sakuyankha. Ndikufuna kusintha nthawi yogwedezera komanso ndikuganiza zodzawatumiza makinawa ku Lilongwe. Pa intaneti ndaona mapulogalamu othyola pasiwedi. Ndigule? Bambo wa ku Dedza.

YANKHO: Achimwene, musagule, ngakhale aulere musatenge. Mu 2022 kampani ya zachitetezo cha makompyuta a m'mafakitale ya Dragos inapeza kuti pulogalamu ina yotsatsidwa pa intaneti ngati yothyola mapasiwedi a PLC inkalowetsa vairasi ya Sality mu kompyuta ya woigwiritsa ntchito. Mukhoza kupita kokafuna kiyi n'kubwerako ndi mfiti m'nyumba.

S7-1200 ilibe kiyi kapena swichi ya RUN ndi STOP pa thupi pake, zonse zimachitikira pa laputopu, ndiye chitetezo chake ndi pasiwedi basi. Pali masitepe. Pena palibe chotchinga chilichonse, pena umaloledwa kuwerenga kokha, pena sikirini ya opareta yokha ndi imene imaloledwa kuyankhula ndi PLC, pena chitseko n'chotsekeratu. Pambali pa izi wolemba atha kukhoma mabuloko ena a pulogalamu paokhapaokha kuti wina asaone nzeru zake, athanso kumangirira pulogalamu ku siriyo nambala ya CPU kapena ya khadi kuti isagwire ntchito pa PLC ina. Ichi chomalizachi chikukhudzeni poti mukuganiza za ku Lilongwe: CPU ikadzapsa ndi magetsi obwera mwamphamvu kumeneko, mudzagula ina koma pulogalamu mulibe.

Njira yovomerezeka yochotsera pasiwedi yoiwalika ilipo, mumalowetsa khadi la Siemens lopanda kanthu lokonzedwa ngati transfer card, PLC n'kusesa memori yake. Koma imasesa pasiwedi pamodzi ndi pulogalamu yomwe, mumatsala ndi kabokosi kopanda nzeru. Ndiye musalole mnyamata wina wongophunzira kumene akuuzeni kuti ndichotsa pasiwedi mphindi zisanu, achotsadi, koma njerwa simuumbanso sabata imeneyo.

Kunena mosapsatira, ine mbali ina ndikumumvetsa mnyamatayo. Amisiri ambiri kuno anagwirapo ntchito osalipidwa, ndiye pasiwedi inasanduka chikole. Sindikuti n'zabwino, makina ndi anu ndipo pulogalamu yoyendetsa makina anu muyenera kukhala nayo, koma njira yotchipa kuposa zonse ndi kumupeza kudzera kwa amene anakulozerani, kaya ku tchalitchi kaya ku gulu la maliro la akumudzi, mukhale pansi ndi mboni mumalize za ndalamazo. Tsiku lolipira abwere ndi laputopu, akupatseni pulojekiti yonse ya TIA Portal pa fulashi ziwiri, alembe veshoni ya TIA Portal imene anagwiritsa, mapasiwedi onse kuphatikizapo a mabuloko, ndi dirowing'i ya mawaya. Wina wodziwa atsegule fulashiyo pa laputopu ina inu mukuona, ndalama ituluke pambuyo pake.

Akakanikiratu kupezeka, makina oumba njerwa si ovuta kwenikweni, wodziwa ntchito atha kuwalembera pulogalamu ina masiku ochepa, bola ayambe waona makinawo akuyenda ndi kulemba ndondomeko yonse asanasese kalikonse. Mumuuze kuti nthawi yogwedezera ndi yopanikizira aziike pa sikirini kuti muzisintha nokha opanda laputopu. Mumufunsenso chimene wasankha pa nkhani ya kudzuka magetsi akabwera, poti S7-1200 itha kuikidwa kuti izikhala pa STOP, izilowa RUN, kapena izibwerera mmene inalili magetsi asanathime. Kwa inu amene mulibe laputopu pafupi, PLC izilowa RUN yokha, koma pulogalamu ilembedwe moti mota ndi pampu ya haidiroliki zisadzuke mpaka munthu adine start. Fulashi imodzi isungidwe kunyumba, inayo idzakwere nawo thiraki yopita ku Lilongwe, m'thumba mwanu osati mu panelo.